Lesitilanti ya "nthawi ya Kamuzu" mu Lilongwe: nsima yake ndi yokoma zedi koma kadi ija yandisowetsa mtendere

Ndakhala masabata awiri ndikuzengereza kulemba izi chifukwa mbali ina malowa ndinawakonda, komanso atsikana ogwira ntchito kumeneko anatilandira bwino kwambiri moti sindikufuna wina avutike pa ntchito chifukwa cha ine, nde dzina la malowo sinditchula. Amene munapitako muwazindikira. Ndi lesitilanti ija ili mu Lilongwe muno imene anthu akhala akutumizirana zithunzi zake pa WhatsApp, yoti ukangolowa umakhala ngati wabwerera zaka za m'ma 1970.

Ine zithunzizo ndinali ndisanazione. Mnzanga wa ku ofesi anangondiuza kuti kuli nsima ya mgaiwa ndi nkhuku ya lokolo yophikidwa ngati kumudzi, za mmene anakongoletsera mkati sananene. Amalume anga, achimwene awo a mayi, anabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi dokotala wa maso, ali ndi zaka 75, nde titatuluka kuchipatala cha m'ma 1 koloko ndinati ayi madalawa asakwere basi ndi njala, ndiwatengere malo abwino adye kaye.

Ndiyambe ndi chakudya poti ambiri mukufuna kumva zimenezo. Mukangokhala pansi amabwera mnyamata ndi jagi ya madzi ofunda, beseni, sopo ndi kathaulo koyera, mumasamba m'manja pompo osadzuka. Mbale zake ndi zija zachitsulo zoyera za mkombero wabuluu zimene agogo athu ankasungira alendo, makapu nawo chimodzimodzi. Menyu ndi yaifupi ndipo zimenezo zinandisangalatsa chifukwa malo amene amalemba zakudya 50 nthawi zambiri amakhala alibe ngakhale theka lake. Nsima mumasankha ya mgaiwa, ya ufa woyera kapena kondowole. Ndiwo panali nkhuku ya lokolo, chambo chootcha kapena chophika, mbuzi, usipa ndi nyemba, zamasamba panali nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe ndi therere.

Ine ndinatenga nkhuku ndi nkhwani, amalume anatenga chambo chophika ndi therere chifukwa mano anatha. Chakudya chinafika pasanathe mphindi 15, chikutuluka nthunzi. Nsima yopsa bwino, yopanda mibulu, yoomoledwa ndi chipande mitanda yake yofanana ngati anachita kuyeza. Nkhuku ija inali ya lokolo yeniyeni osati zija amakunamiza, nyama yolimba yofuna kulimbana nayo, msuzi wake tomato anyezi ndi mchere basi wopanda zonunkhiritsa za m'mapaketi, mafuta ake achikasu aja akuyandama pamwamba. Koma chimene chinandigwira mtima ndi nkhwani. Anausadzula bwinobwino, palibe ulusi unandikola pakhosi, nsinjiro zake zikumveka kuti anasinja tsiku lomwelo, sizinali zowawa ngati zija zogona mu jumbo mwezi wonse. Ndakhala mu tauni muno zaka zambiri ndipo nkhwani wotere ndinaudya komaliza amayi anga ali moyo. Thobwa wake ndi wa mawere, wozizira, wosatsekemera mopitirira. Kambuzi amabweretsa wosinja kale mu kambale kake.

Magetsi anathima tili mkati, jenereta inalira nthawi yomweyo, mafani sanaime ngakhale mphindi imodzi. Kuchimbudzi ndi koyera, madzi akutuluka, sopo alipo, chitseko chikutsekeka. Pa geti pali mlonda ndipo galimoto mumaisiya opanda nkhawa. Mtengo si wa tsiku ndi tsiku, mbale ya nkhuku ndi pafupifupi kawiri kapena katatu poyerekeza ndi ya pa chiimilire kumsika, koma ndi mmene zinthu zakwerera pano sindinadandaule. Amalandira ndalama ya pa foni. Pa chakudya ndi sevisi ndilibe chowachotsera.

Tsopano mkatimo. Pakhoma loyang'anizana ndi khomo pali chithunzi chachikulu cha Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda, chipewa, magalasi akuda, suti ya magawo atatu, litchowa kumanja. Holoyo ili ndi zipilala zinayi ndipo pa chilichonse analembapo imodzi mwa ngodya zinayi zija, Umodzi, Kukhulupirika, Kumvera, Kusunga Mwambo, monga zilili ku manda awo ku City Centre amene anatsegulidwa mu 2006. Atsikana avala zitenje zofanana mpaka kumapazi ndi maduku ngati mbumba. Pa shelefu pali wailesi yakale, mu galasi aikamo ma kwacha ndi ma tambala oyambirira aja anabwera mu 1971, ndipo pamwamba pa kauntala analemba ndi penti kuti kale kunali bata. Anthu anali ambiri, makamaka achinyamata, akujambulitsa pansi pa chithunzi chija.

Ndinaona amalume ataima pakhomo kanthawi, kenako anasankha okha mpando wofulatira chithunzicho. Ndinawafunsa kuti amalume tipite kwina, anati ayi mwanawe tafika kale tidye. Ndinalakwitsa pamenepo, ndinayenera kuwagwira dzanja tituluke, koma njala inali itatipweteka tonse ndipo ndinaganiza kuti ndi chithunzi chabe.

Tinadya bwino, amalume anayamikira therere kuti chidulo chake anathira mwa muyezo. Nde pobweretsa bilu, mtsikana uja anabweretsanso kakadi. Ndi kadi ya makasitomala, ukadya amadindapo sitampa, ukakwanitsa 10 mbale yotsatira ndi yaulere, zimene malo ambiri amachita masiku ano. Koma iyi anaipanga kuti ifanane ndi kadi ya chipani ya nthawi imene ija, kukula kwake, mtundu wake, katambala kakuda pakona. Ndipo zikuoneka kuti atsikanawa anawaphunzitsa mawu oti azinena popereka, chifukwa ndinamumvanso wina akunena pa tebulo lina anthu nkuseka. Anagwada mwaulemu pafupi ndi amalume akumwetulira, nkunena kuti, "Agogo kadi ilipo? Kuno opanda kadi salowa."

Amalume manja anali pa tebulo, ndinaona akuwabweza nkuwaika pa miyendo. Anayankha motsitsa kuti, "Ayi mwananga, ine sindigula."

"Si yogula agogo, ndi yaulere."

"Ngakhale yaulere mwananga. Zikomo."

Mtsikanayo anangoti kakasi, akundiyang'ana ine ngati walakwitsa chenji. Ndi mwana wa zaka mwina 20, wabadwa Kamuzu atamwalira kale mu 1997, palibe chimene akudziwa ndipo ine sindikumuimba mlandu ngakhale pang'ono.

Amalume anga ndi a Mboni za Yehova. Kwa achinyamata amene simukudziwa, nthawi ya chipani chimodzi kadi imeneyo inali ngati mpweya. Pa geti ya msika, pokwera basi, nthawi zina ndi pachipatala pomwe, ayufi a malaya ofiira ankaima nkumafunsa funso lomwe lija, kadi ilipo? Chaka chilichonse ugule yatsopano. A Mboni anakana kugula chifukwa chikhulupiriro chawo sichiwalola kulowa chipani cha ndale chilichonse, msonkho ankalipira, malamulo ena ankatsata, koma kadiyo ayi. Boma linawaletsa mu 1967. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagwirizana kuti achotsedwe ntchito ndi kuthamangitsidwa m'midzi, ndipo chimene chinatsatira ndi kuotchedwa kwa nyumba, kumenyedwa, amayi kugwiriridwa, ena kuphedwa. Anthu masauzande ambiri anathawira ku Zambia ku msasa wa Sinda Misale, atabwezedwa anathawiranso ku Mozambique ku Mlangeni, mu 1975 anabwezedwanso, ambiri nkukatsekeredwa ku Dzaleka ku Dowa, komwe kuja lero tikukudziwa ngati msasa wa anthu othawa kwawo, kale inali ndende. Chiletsocho chinadzachotsedwa mu 1993, patatha zaka 26.

Amalume okha sakamba zambiri, nkhani yawo ndinaimva kwa amayi. Mu 1972 anali ndi zaka 22, atangokwatira, ali ndi mwana wa miyezi yochepa. Usiku wina kunabwera anyamata a m'mudzi momwemo, mmodzi mwa iwo ankaweta naye limodzi mbuzi ali ana. Anawatulutsa panja, anawaonetsa kadi kuti gula pompano zithe, iwo anakana. Anawamenya mpaka khutu lakumanzere linagontha mpaka lero, zala ziwiri za dzanja lamanja zinapola zopindika, ndi chifukwa chake nsima amatema ndi zala zitatu. Nyumba ndi nkhokwe anayatsa moto. Anayenda wapansi ndi azakhali mwana ali kumbuyo mpaka kudutsa malire, ndipo mwanayo anamwalira ku msasa ndi matenda otsegula m'mimba, anaikidwa pamalo poti lero ngakhale muwatengere komweko sangapaloze. Amayi anga anali kamtsikana nthawi imeneyo, sanali a Mboni, kadi anali nayo, ndipo ankati chimene sanachiiwale mpaka imfa yawo ndi choti mudzi wonse unamva kukuwa usiku umenewo koma palibe chitseko chinatseguka, cha makolo awo chomwe, ndipo m'mawa anthu anapita kumunda ngati palibe chachitika.

Nde ndinapempha kuonana ndi mwini wake. Ndimayembekezera munthu wa bizinesi wongofuna ndalama, koma anatuluka mayi achikulire aulemu kwambiri, anavula epuloni, anakoka mpando nkukhala nafe. Anali aphunzitsi a pulayimale zaka zambiri. Ndinawafotokozera mwachidule, anamvetsera osandidula, kenako anatembenukira kwa amalume nkuti pepani bambo, sindinaganize. Koma anapitiriza kulankhula ndipo ndikufuna ndilembe zimene ananena mwachilungamo chifukwa sanali kunama.

Anati mwanawe inu simunaone. Malipiro ankabwera tsiku lake. Msika wa ADMARC unali pafupi, ukapita ndi ndalama yako chimanga umachipeza, feteleza mphunzitsi ngati ine ndinkagula osalira. Basi ya kampani ija ya UTM (United Transport Malawi) ikati 7 koloko inali 7 koloko. Mwezi wa Okutobala kukatentha tinkayala mphasa panja nkugona mpaka kucha, njinga itatsamira pa mtengo wa mango. Ana ankapatsa moni akuluakulu. Kamuzu ankati anthu ake akhale ndi zinthu zitatu, chakudya, zovala ndi nyumba yosadontha, ndipo ankayendera minda yekha. Anamanga Lilongwe uyu, likulu linasamuka ku Zomba mu 1975, anamanga yunivesite, misewu, zipatala. Lero bwanji? Anati penshoni ya malemu amuna awo inasungunuka ngati mchere m'madzi, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 anatsala pang'ono kutseka lesitilantiyi, anakumbutsa za Cashgate ya 2013 kuti anthu ankanyamula ndalama za boma m'mabuti a galimoto, ndipo anatiuza kuti akuba anawalowerapo m'nyumba usiku ndi zikwanje, anawamanga ndi nsalu yawo yomwe adzukulu akuona. Anati ine malowa ndinatsegula chifukwa ndimafuna ana aone kuti dziko lino linakhalapo ndi dongosolo, kuti ndi zotheka. Ndipo ine sindinamenyepo munthu.

Amalume anati, "Ndikudziwa mayi. Zimene mwanenazo ndi zoona, basi zinkabwera pa nthawi yake. Ine sindinkaloledwa kukwera."

Panakhala chete. Kenako mayi aja, popanda wowafunsa, ananena chinthu chimene chandikhalira m'mutu masabata awiri onsewa. Anati mu 1989, pamene aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, pasukulu pawo panali mayi wina wa ku Rumphi, mnzawo wapamtima, ankabwerekana mchere ndi makala, ana awo ankasewera limodzi. Lole inabwera, anakweza katundu, iwo anangoonerera pa zenera la kalasi osatuluka kukatsanzika chifukwa ankaopa kuti wina awaona. Kalasi ya mnzawoyo anapatsidwa iwo. Anati tinkadziuza kuti boma likudziwa chimene likuchita, mwina alipo amene analakwa. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Munthu wabwino ndithu, wophika nkhwani ngati amayi anga, ndipo ndi yemweyo amene anaima pa zenera.

Apa ndi pamene ine ndaima pa nkhaniyi. Sindikutsutsa kuti bata linalipo. Chimene ndikukana ndi choti tingatenge batalo palokha nkusiya zinazo ngati mmene umasankhira ndiwo pa menyu. Wakuba ankaopa chifukwa munthu aliyense ankatha kutengedwa usiku nkutsekeredwa zaka popanda mlandu, ndipo dzanja limene linkagwira wakubayo ndi lomwelo linagwira Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, nkumusunga ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osamuuza chimene walakwa. Ndi lomwelo linakatenga Orton Chirwa ndi Vera Chirwa mu 1981, nkuwaweruza ku khoti la makolo kopanda loya, Orton nkufera mu ndende ya Zomba mu 1992. Ndi lomwelo linapha Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga mu Meyi 1983 nkukawasiya ku Thambani ku Mwanza ngati achita ngozi ya galimoto, nduna zitatu ndi phungu, anthu a mkati mwenimweni, a kadi zawo m'thumba. Mkwapatira Mhango, mtolankhani, anaotchedwa m'nyumba pamodzi ndi banja lake ku Lusaka mu 1989. Mlandu wa ku Mwanza Kamuzu ndi anzake anawapeza osalakwa ku khoti mu 1995, koma kumayambiriro kwa 1996 iye mwini anapepesa mtundu wa Amalawi pa zowawa zimene zinachitika m'dzina lake. Mwini wake anapepesa, nde ife tikupanga bwanji kadi yoseketsa?

Ndipo ine ndinalowa mu lesitilanti muja nditavala buluku. Lamulo la kavalidwe la 1973 likanakhalapo sindikanafika ndi pa geti pomwe, mzimayi sankaloledwa buluku kapena siketi yoonetsa maondo, mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pa bwalo la ndege. Atsikana onse ankajambulitsa pansi pa chithunzi chija tsiku limenelo, ambiri anali mu majinzi.

China chimene sitikonda kuvomereza ndi choti ubwino wina umene timaukumbuka tinkaumva pa wailesi. Wailesi inali imodzi, MBC, TV kunalibe mpaka 1999, nyuzipepala zinali za iwo omwe. Kukagwa njala ku Nsanje munthu wa ku Kasungu akanamva kwa ndani, poti kunena kuti kuli njala kunali ngati kutukwana Ngwazi. Mphunzitsi wa malipiro ake ankaona dongosolo, koma mlimi wamng'ono sankaloledwa kulima fodya wa bale mpaka cha m'ma 1990, anali wa ma esiteti a akuluakulu, iyeyo akakhale tenanti kapena agulitse mbewu zake ku ADMARC pa mtengo umene wauzidwa. Ana ankafa ambiri zedi asanafike zaka zisanu, ambiri sankapita ku sukulu chifukwa cha fizi, ndi chifukwa chake pulayimale itakhala yaulere mu 1994 makalasi anasefukira mpaka pansi pa mitengo, ana amenewo analipo kale, ankangokhala kunyumba. Maepiskopi a Katolika atalemba kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, zambiri zimene ananena zinali zomwezi, umphawi, malipiro ochepa, zipatala, sukulu, anthu kuopa kulankhula, ndipo boma linati kalatayo ndi youkira, wopezeka nayo amangidwe. Patangotha chaka, pa 14 Juni 1993, anthu atapatsidwa mpata wosankha pa riferendamu pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wa chipani chimodzi, oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha nyali. Amenewo ndi anthu amene anakhala mu bata lija, amene ankagona panja mu Okutobala, ndipo atafunsidwa mwachinsinsi anati ayi zikomo. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere.

Koma ndisadzionetse ngati ndine woyera pa nkhaniyi. Ndagonapo pa mzere wa petulo usiku wonse, foni anandilandapo masana dzuwa likuswa mtengo anthu akuonerera, ndapitapo kuchipatala ndi mwana nkuuzidwa kuti mankhwala kagule ku famase. Masiku ngati amenewo nanenso pakamwa panga patulukapo mawu oti dziko lino likufunika munthu wankhanza pang'ono. Timanena ambiri, mu minibasi, pa maliro, pa Facebook. Ena amati tikufuna Kagame wathu ngati wa ku Rwanda uja, taonani Kigali mmene ikuwalira, majumbo a pulasitiki analetsa kalekale mu 2008, Loweruka lomaliza la mwezi aliyense amatuluka kukasesa. Ndi zoona ndipo nanenso ndimasirira. Koma mabungwe oona za ufulu wa anthu ngati Human Rights Watch analembapo za malo a ku Gikondo kumene mavenda, opemphapempha ndi ana a mumsewu ankatsekeredwa kuti mzinda uoneke woyera. Mayi wogulitsa nthochi pa mutu uja sanasanduke mpweya, alipo kwinakwake kumene mlendo sapitako.

Funso limene ndakhala ndikudzifunsa ndi ili, ndipo likundiwawa. Atabwera munthu lero nkuti feteleza atsika, petulo apezeka, akuba atha, mankhwala adzaza m'zipatala, koma m'mudzi uliwonse banja limodzi liotcheredwa nyumba ndipo inu musatsegule chitseko, ndi angati mwa ife angakane? Ndikuopa kuti ambiri tingavomere bola banjalo lisakhale lathu, ndipo tingapeze chifukwa choti anthuwo ndi amakani, bwanji osangogula kadi, ndi ndalama zingati. Amalume anamva mawu amenewo moyo wawo wonse, ngakhale kwa abale awo. Ndalamayo inali yochepadi. Koma dziko limene mtendere wake unkagwedezeka chifukwa mlimi wa zaka 22 wakana kapepala, mpaka kufuna moto ndi zibonga kuti likhazikike, ine sindingalitche dziko labwino lokhala ndi vuto limodzi. Ndipo mtengo wake sanalipire amalume okha. Anyamata aja anasanduka omenya mnzawo wa ku ubusa, agogo anga anasanduka anthu omva mwana wawo akukuwa osatuluka, mayi a lesitilanti anasanduka munthu woima pa zenera, ndipo patha zaka zoposa 30 akulirabe. Munthu amene anawagonthetsa khutu amalume alipo mpaka lero kumudzi, wakalamba nayenso, amakumana pa maliro nkupatsana moni, ndipo amayi ankati bamboyo sanawayang'anepo amalume m'maso.

Tili mu galimoto ndinawafunsa amalume ngati akuganiza kuti dziko lopanda vuto lingakhalepo. Anati lidzakhalapo koma si munthu adzalibweretse, ndi Ufumu wa Mulungu wokha, ndipo ndi chifukwa chake sanagule kadi nthawi imene ija ndipo savota lero. Ine si wa Mboni, ndimavota, ndipo ndimakhulupirira kuti mavuto athuwa tiyenera kulimbana nawo tokha pansi pano, akuba a boma amangidwe kudzera ku khoti, mankhwala afike, mizere ithe, popanda kubwereka zibonga za kale. Pamenepo timasiyana ndipo sitinakangane. Anangowonjezera kuti mayi aja ndi munthu wabwino, ndisawalembe zoipa, komanso kuti therere lawo ndi la mtengo wapatali.

Chimene ndinawapempha mayi aja tisanatuluke ndi chaching'ono. Sindinati achotse chithunzi, Kamuzu ndi mbiri yathu, anatuluka nafe mu chitaganya, misewu yake tikuyendamo, aliyense ali ndi ufulu womukonda. Ndinati kadiyo isinthe maonekedwe ikhale kadi wamba ya lesitilanti, ndipo mawu aja oti opanda kadi salowa atsikana asiye kunena, chifukwa anthu amene anawamva ali pansi akupondedwa adakali moyo, akuyenda mu tauni muno, akubwera kudzaonetsa maso kuchipatala ndipo akumva njala ngati wina aliyense. Ndinatinso ngati khomalo likuphunzitsa ana mbiri, pali malo okwanira pafupi ndi wailesi ija poti nkuikapo mayina anayi a ku Mwanza ndi mzere umodzi wonena za Dzaleka. Anati za mawuwo asiya tsiku lomwelo, za kadi aganizira poti anasindikiza zambiri ndipo makasitomala amazikonda, za mayinawo sanayankhe. Bilu anafuna kutikhululukira koma amalume anakana, anati tadya tilipire.

Loweruka lapitali ndinamutuma mnzanga uja wa ku ofesi kuti akaone. Akuti mawu aja sakunenanso, mtsikana amangoika kadi pambali pa bilu mwakachetechete. Kadiyo ikadali yomwe ija, katambala kali pakona, khoma silinasinthe.

Nde kwa amene mukufunsa ngati mupite: pa chakudya ndikuwapatsa 5 pa 5, pa ukhondo ndi sevisi chimodzimodzi, pitani msanga isanakwane 1 koloko chifukwa nkhuku imatha ndipo Lachisanu kumadzaza. Ngati mukutenga munthu wachikulire, makamaka wa Mboni, wochokera kumpoto, kapena aliyense amene kwawo kunasowa munthu zaka zimene zija, muuzeni kaye chimene chili mkatimo asankhe yekha, musachite ngati ine. Ineyo nkhwani uja ndidzaitanitsabe wonyamula, ndalama yanga mayi aja adzailandira, koma kukhala pansi mu holo muja ndidikira kaye kadi ija isinthe. Amalume anabwerera kumudzi ndi thobwa wa malita awiri amene anagulira azakhali, ndipo abweranso mwezi wamawa kudzachotsa ng'ala ya diso lachiwiri.